Sukulu ya atsikana okhaokha, kenako ofesi yodzaza azibambo

Kuno ku Angónia, mchigawo cha Tete ku Mozambique, munthu akangogulitsa bwino fodya kapena kachewere, ndalama isanatenthe nkomwe mthumba, pamabwera nkhani yoti mwana wamkazi uja timuwolotse akaphunzire ku Malawi, ku sukulu ya asisitere ya atsikana okhaokha. Ndipo sikutali ayi, pa Calómuè mpompa, ukangodutsa pachipata uli pa Dedza. Akuluakulu athu ambiri anakhalako kumeneko nthawi ya nkhondo, anabwerera kuno mtendere wa 1992 utabwera atazolowera kale maina ngati Likuni Girls, Ludzi, Stella Maris, Providence, St Mary's ya ku Zomba, nde akamatchula mainawa nkhope zimachita kuwala. Akuti kumeneko kulibe anyamata osokoneza, mwana amangoona buku ndi tchalitchi basi, potuluka ndi dokotala kale. Kwathunso nkhaniyi yafika poti mwana wa achimwene akumaliza kalasi 6 ndipo azakhali ayamba kale kufunsa mtengo wa yunifomu kutsidyako.

Ine ndinaphunzira sukulu zosakaniza kuyambira kalasi 1 mpaka 12, panopa ndili ku Moatize mu ofesi yolemba anthu ntchito pa kampani ina yogwira makontilakiti a kumigodi, dzina lake tisiye. Mapepala a ofuna ntchito amadutsa mmanja mwanga, pofunsa anthu mafunso ndimakhalapo, ndimaona amene akwezedwa ndi amene akhala pampando womwewo mpaka nsalu ya mpando kuperepeseka. Nde ine zoti mtsikana amakhoza bwino mayeso akakhala kopanda anyamata sizimene zikundivuta kwenikweni. Chikundivuta nchoti zaka khumi kutsogoloku, akadzalowa mchipinda cha msonkhano momwe mwadzaza azibambo ovala zipewa zolimba ndi mabuti, sukulu ija idzakhala itamuthandiza chani, ndipo azibambowo adzakhala ataphunzira kuti komvera munthu wamkazi.

Makolo ofuna sukulu za atsikana okhaokha si opusa, mantha awo ndi enieni. Mtsikana wa mkati mwa Dómuè kapena Tsangano amene sekondale ili kutali amachita lendi kachipinda pa tauni ali ndi zaka 13, womuyang'anira palibe, ufa ukatha pakati pa mwezi amene amatulukira ndi thandizo ndi bambo wa njinga yamoto kapena vendala wogula nyemba, ndipo thandizo lotero tonse tikudziwa malipiro ake. Palinso aphunzitsi ena, sindikuti onse, amene nota, malikisi a mayeso, amaigulitsa ndi thupi la mwana, nkhani yodziwika ndi aliyense koma pa msonkhano wa makolo timangoyang'ana pansi nkumakamba za ndalama ya alonda. Kuyambira 2003 panali lamulo la unduna wa maphunziro, lija la Despacho 39, loti mtsikana akapezeka ndi mimba achoke masana azilowa usiku, ndipo linachotsedwa kumapeto kwa 2018. Anzanga ena amene tinkakhala desiki imodzi analowa usiku choncho, msewu wake wamdima, mwana kumimba, sanamalize chaka. Wopereka mimbayo nthawi zambiri palibe chinkamuchitikira, sinanga mimba imaonekera pa munthu mmodzi. Mu 2019 mpomwe panabwera lamulo loletsa maukwati a ana osafika zaka 18, mdziko momwe pafupifupi theka la atsikana limalowa mbanja lisanafike msinkhu umenewo. Nde kholo likamati mwana wanga akatsekeredwe kwa asisitere, ine ndimamvetsa, si nkhani ya fizika imeneyo, ndi nkhani yoti mwana afike kalasi 12 ali mwana.

Koma pali chinthu chimene timachiiwala msanga. Kulekanitsa anyamata ndi atsikana tinakuyesapo kale kuno, si zachilendo. Nthawi ya atsamunda, pambuyo pa mgwirizano wa Portugal ndi Vatican wa 1940 komanso lamulo la mamishoni la 1941, maphunziro a ife anthu akuda anawapereka mmanja mwa mamishoni a Katolika. Ku Lifidzi, ku Fonte Boa, ku Boroma, konseko kunali mishoni, ndipo mnyamata wanzeru ankatha kupitirira kukhala mphunzitsi, katekisiti, kalipentala, ena mpaka ku seminale ya ku Zóbuè. Mtsikana njira yake inali ina, kusoka, kuphika, kuchapa ndi kusita, katekisimu, Chipwitikizi pang'ono choti azitha kuyankha akafunsidwa. Ankamukonzera kukhala mkazi wabwino wa mphunzitsi uja. Agogo anga aakazi anadutsa mmenemo, nsalu ya patebulo ankaipeta maluwa oti mpaka pano sindinaonenso wina wopeta choncho, koma pepala la kuchipatala ankadikira mdzukulu abwere kusukulu adzawawerengere. Analitu kopanda anyamata osokoneza amenewo. Mpanda unalipo, chimene chinali mkati mwa mpandamo nde chinali chochepa.

Ndi chifukwa chake boma la Samora litatenga sukulu zonse pa 24 Julayi 1975, mwezi umodzi chabe chilandirire ufulu, kukhazika mnyamata ndi mtsikana pa benchi imodzi inali ndale, osati kungosowa makalasi. Anthu anali atachokera kutchire komwe kunali Destacamento Feminino, gulu la asilikali aakazi la Frelimo, akazi atanyamula mfuti ndi katundu pamutu mofanana ndi amuna, Josina Machel amene timamukumbukira pa 7 Epulo anali wa gulu limenelo, bungwe la amayi la OMM linali litayamba mu 1973, ndipo nduna yoyamba ya maphunziro inali Graça Machel. Maganizo anali oti amene adzagwire ntchito limodzi aphunzire limodzi. Zambiri za nthawi imeneyo zinalephereka, nkhondo inawotcha sukulu zosawerengeka kuno ku Tete, koma maganizo amenewa okha ine sindinawapezebe cholakwa.

Tsono ndisanamizire kuti sukulu za atsikana za masiku ano ndi zija za agogo, ayi ndithu. Ku ntchito kwathu kuli mayi wina, injiniya, amene anaphunzira sekondale ya atsikana okhaokha ku Malawi makolo ake ali othawa nkhondo, kenako anadzapitiriza kuno. Mayi ameneyu pa msonkhano salankhula ngati akupempha chilolezo. Shefe, bwana wathu, akalakwitsa nambala amangoti "apo ayi shefe, onaninso", mawu ake osakweza osatsitsa, ife ena mitima ili phaphapha mmalo mwake. Tsiku lina pa nkhomaliro ndinamufunsa kuti mana, kulimba mtima kumeneku munakutenga kuti, anaseka nkunena kuti iye mpaka zaka 18 sanadziwe kuti pali maudindo ena oti ndi a anyamata. Kusukulu kwawo woyang'anira ophunzira onse anali mtsikana, woimba belu mtsikana, wonyamula mabenchi mtsikana, woyatsa moto mu labu mtsikana, woposa onse masamu mtsikana, wolephera masamu mtsikananso. Nde ukalephera masamu sunganene kuti poti ndine mkazi, umangodziwa kuti sunawerenge. Zimenezi zinandikhudza, chifukwa ife kusukulu kwathu tsiku limene kunabwera zipangizo zochepa za mu labu anyamata anathamangira kutsogolo nkugwira chilichonse, atsikana tinapatsidwa kope kuti tizilemba zimene akupeza, akuti zolemba zathu nzooneka bwino. Mpaka lero ku ofesi amene amalemba za pamsonkhano ndi ndani, ganizani nokha kkkk.

Azungu nkhaniyi anaifufuza kwambiri, ndipo zimene anapeza sizikomera mbali imodzi. Ku England mu 2012 bungwe la akatswiri a fizika linapeza kuti mtsikana wa sukulu ya atsikana okhaokha anali ndi mpata woposa kawiri wosankha fizika mmakalasi omaliza kuyerekeza ndi mnzake wa sukulu yosakaniza. Ku Seoul, komwe kwa zaka zambiri ana ankawagawa mmasekondale mwa maere osati mosankha okha, anapeza kuti a sukulu zolekanitsa ankakhoza bwinoko mayeso olowera ku yunivesite. Koma mu 2014 akatswiri ena a ku America anasonkhanitsa kafukufuku 184 wa mmaiko 21, ana oposa 1.6 miliyoni, ndipo atapatula kafukufuku wochitidwa mosamala, uja woganizira kuti mwanayo anachokera banja lotani ndipo ankakhoza bwanji asanalowe, kusiyana kuja kunachepa mpaka pena kusowa. Tanthauzo lake nlosavuta, sukulu zotchukazi zimasankha ana okhoza kale, a makolo oti angathe fizi ndiponso amalabadira za sukulu, nde pamapeto timayamikira mpanda pomwe ntchito yaikulu inagwiridwa pachipata polowa.

Koma amene anandigwira mtima ndi kafukufuku wina wa ku Britain, wotsata anthu obadwa mu 1958 kuyambira ali makanda mpaka atakula. Atafika zaka 42, akazi amene anaphunzira sukulu za atsikana okhaokha ankalandira malipiro okwererapo ndi 5 pa 100 alionse kuposa anzawo, makamaka chifukwa anatuluka ndi mapepala abwino. Koma mtundu wa ntchito zimene ankagwira sunasinthe, ntchito zotchedwa za akazi zinakhalabe za akazi, za amuna zinakhalabe za amuna. Apa mpamene pali nkhani yanga yonse. Sukulu inamukonza mtsikana, koma ku ntchito kuja sinakukhudze.

Alimi a fodya mundimva msanga. Mbande mutha kuisamala pa nazale mmene mungathere, kuthirira mmawa ndi madzulo, kuphimba ndi udzu, kuikhwimitsa bwinobwino, koma ngati munda wokawokeramo simunaulime mbandeyo ikakumana ndi nthaka yomweyo youma imene inapha za anzanu. Ife tikulimbana ndi nazale, za munda palibe akukamba.

Munda wake ndi anyamata. Nkhani ya sukulu zolekanitsa ikayamba aliyense amafunsa kuti mtsikana apindula chani, palibe amafunsa kuti nanga mnyamata amene wakhala zaka zisanu ndi chimodzi osaonapo mtsikana akumuposa mayeso, osatsutsidwapo ndi mtsikana pagulu, osalamulidwapo ndi mtsikana kuti tola zinyalala izo, ameneyo akadzakhala shefe adzatani. Ine ndimagwira nawo ntchito anthu otere. Si anthu oipa ayi, ena ndi aulemu kwambiri, amakupatsa moni wa manja awiri, amakutsegulira chitseko cha galimoto. Koma mmutu mwawo munthu wamkazi ali ndi malo atatu, mayi awo, chibwenzi, kapena sekeletale. Mnzawo wa ntchito woti akangane naye za bajeti kenako nkukadya limodzi popanda china chilichonse, malo amenewo mulibe. Nde ukamutsutsa amaona ngati wamunyoza, ukamusekerera amaona ngati wamufuna. Mlendo akabwera mu ofesi, olo mukhale mainjiniya aakazi awiri ndi kamnyamata kongoyamba kumene kuphunzira ntchito, maso onse amatembenukira kwa akaziwo kuti tiyi abwere. Mayi ndanena uja anakanapo kamodzi, mwaulemu, nkhani inayenda sabata yonse kuti ndi wamwano, anaphunzira ku Malawi nchifukwa chake.

Ndipo apa sukulu zathu zosakaniza zisadzitame, chifukwa kusakaniza kwake nkwa mabenchi chabe. Lowani mu tuluma, ndiye kuti kalasi, iliyonse muone, shefe wa tuluma kawirikawiri mnyamata, wachiwiri wake mtsikana, shefe wa zaukhondo nde osafunsa nkomwe. Tsiku loyeretsa atsikana tsache ndi chidebe, anyamata chikwanje kamphindi kenako mpira. Kukabwera alendo a boma atsikana okhoza bwino omwewo ndi amene amachotsedwa mkalasi kuti akavine ndi kuperekera madzi osamba mmanja. Aphunzitsi a masamu akafunsa funso lovuta amayang'ana mbali ya anyamata, mtsikana akayankha bwino amati "mwaona anyamata, mpaka mkazi kukuposani", ngati kuposedwa ndi mkazi ndi matenda. Mawu amenewo ine ndinawamva kambirimbiri, ndipo mphunzitsiyo ankaganiza kuti akundiyamikira. Mnyamata amene wamva zimenezi kuyambira kalasi 1 amatuluka ndi phunziro lomwelo limene akanalitenga ku sukulu ya anyamata okhaokha, mwinanso loposa, poti iye waonera ndi maso kuti atsikana alipo koma ntchito yawo ndi kusesa.

Komabe pamenepo pali poyambira. Mu sukulu yosakaniza mphunzitsi mmodzi wolimba mtima atha kusintha zinthu mawa lomwe popanda kumanga khoma lililonse. Ife kalasi 9 tinali ndi mphunzitsi wamkazi wa kemisitiri amene anangolamula kuti gulu lililonse mu labu wogwira zipangizo akhale mtsikana, wolemba akhale mnyamata, mwezi wotsatira nkusinthana. Anyamata anadandaula sabata ziwiri kenako anazolowera. Mmodzi wa anyamata amenewo pano ndi mkulu pa kampani ina ku Tete ndipo akazi amene ali pansi pake amati ndi shefe womvera, kaya nchifukwa cha kemisitiri uja kaya ndi mayi ake anamulera bwino, koma ine ndimakonda kukhulupirira kuti zinathandizako.

Chinanso chimene makolo sachiwerengera, ndipo ichi ndikunena monga munthu wa mu ofesi yolemba ntchito, ndi mmene vaga, mpata wa ntchito, imayendera. Papepala timati tinalengeza, aliyense apikisane. Zoona zake nzoti nkhani ya vaga imayamba kuyenda pa WhatsApp masiku angapo chilengezo chisanatuluke, mmagulu a anthu amene anaphunzira limodzi, amene ankagona lar imodzi, nyumba yogona ana asukulu ija, amene anachita limodzi kozi ya migodi ku Instituto Superior Politécnico de Tete kapena ya jiyolojiya pa Moatize pompa. Wina amangoti "aise konza mapepala, kwathu kukufunika munthu". Kugona pakati nkuyambirira. Popeza maudindo ambiri kumigodi, ku Cahora Bassa, kumakampani a fodya ndi a zomangamanga ali mmanja mwa amuna, mtsikana amene anzake onse a kusukulu ndi akazi okhaokha amamva nkhani mochedwa. Si chilungamo, ndipo ife a mu ofesi timayenera kulimbana nazo, koma ndi mmene zilili lero. Ine ntchito yanga yoyamba ndinaimva kwa mnyamata amene ndinkamuthandiza Chipwitikizi kalasi 11, palibe cha chibwenzi, anangokumbukira kuti uja amalemba bwino. Ubale woterewu, wa mwamuna ndi mkazi amene anabwerekana makope nkukangana za homuweki popanda zina, ndi umene umasowa kwambiri mmaofesi mwathu, ndipo sumera pa zaka 30, umayambira pa benchi.

Kwa ife a mmalire palinso vuto lapadera. Mwana akawoloka amakaphunzira mChingerezi, anzake onse adzakhala ku Lilongwe ndi ku Blantyre, akabwerera kuno satifiketi yake iyenera kukadutsa kaye ku boma kuti aivomereze kuti ikufanana ndi yathu, ndipo mafunso a ntchito, malipoti, makalata a boma, zonse ndi Chipwitikizi. Chingerezi chimathandiza zedi, makamaka kumigodi komwe mabwana ambiri ndi akunja, chiyambire pomwe kampani ya Vale inagulitsa mgodi wa malasha kwa a Vulcan mu 2022 nde chafunika kwambiri. Koma ndaonapo atsikana anzeru zoopsa akugwa pa mafunso chifukwa chiganizo cha Chipwitikizi chikuwakola pakhosi, wofunsayo nkulemba kuti ndi wamanyazi. Manyazi ake ati, munthu anali mtsogoleri wa sukulu yonse kutsidyako.

Ndikaganiza mofatsa, chimene sukulu za asisitere zija zimapatsa mtsikana kwambiri si kusowa kwa anyamata ayi, ndi nthawi. Mtsikana woyendera kunyumba amadzuka kukadali mdima, kumjigo, kusesa pabwalo, kutenthetsa madzi a abambo ndi a mchimwene wake amene ali naye kalasi imodzi, akabwera kusukulu nkhuni, ndiwo, nsima, mbale, mwana wa mayi kumsana, buku amaligwira maso akulemera kale. Nyengo yosoka fodya kapena yokumba kachewere nde sukulu imaima kaye. Mchimwene uja akabwera amaponya chikwama nkupita ku mpira, madzulo awerenga. Ndiye mayeso akatuluka timati anyamata mitu yawo ndi ya masamu. Ukamutenga mtsikana yemweyo nkumuika pa malo pomwe belu likalira aliyense akawerenge maola awiri, magetsi alipo, chakudya chaphikidwa kale, chimbudzi chili ndi chitseko ndi madzi oti masiku akumwezi asajombe, geti ili ndi mlonda, akhoza basi, kaya mkalasimo muli anyamata kaya mulibe. Lar ya atsikana yosamalidwa bwino, yokhala ndi mayi woyang'anira amene amagona pomwepo, pafupi ndi sekondale yosakaniza, ikhoza kupereka zambiri mwa zimenezi. Vuto nloti ma lar ambiri amene ndawaona ine ndi omvetsa chisoni, denga lodontha, nyemba zofumbwa, ndipo akuchepa. Pologalamu ya Eu Sou Capaz yagawira atsikana mayunifomu mmaboma ena, nzabwino, koma yunifomu siwerengera munthu usiku.

Anthu amakonda kunditchulira Luísa Diogo, mwana wa kuno ku Tete, wa ku Mágoè, amene anakhala nduna ya zachuma kenako nduna yaikulu yoyamba yachikazi kuyambira 2004 mpaka 2010. Amatchulanso Benvinda Levi amene anapatsidwa udindo womwewo mu 2025, ndi nyumba ya malamulo imene yatsogoleredwa ndi akazi kuyambira nthawi ya Verónica Macamo mu 2010, momwe aphungu aakazi amafika cha mma 4 pa 10 alionse. Akuti nde mukudandaula chani. Nzoona kumwambako tikuoneka bwino kuposa maiko ambiri, ndipo ndimanyadira. Koma tsikirani pansi muone. Lamulo latsopano la ntchito la 2023 linakweza tchuthi cha uchembere kuchoka masiku 60 kufika 90, abambo nkuwapatsa masiku 7, chinthu chabwino kwambiri, koma ine ndi makutu angawa ndamvapo mkulu wina akunong'ona tikusankha mapepala kuti "uyu wangokwatiwa kumene, chaka chamawa atisiyira ntchito miyezi itatu". Mtsikanayo anali woposa onse pa mayeso athu. Ndinalimbana nazo mpaka analembedwa, koma sindikhala mchipinda chilichonse, ndipo pena ndimagonja. Kaya anaphunzira kwa asisitere kaya pansi pa mtengo wa mango, chimene chinkamugwetsa si sukulu yake, ndi mutu wa bambo amene anagwira cholembera.

Ndipo tisaiwale kuti akazi ambiri a chigawo chino ofesi sadzailowa nkomwe, ntchito yawo ndi kumunda ndi pamsika. Mayi amafesa nazale, kuwokera, kupalira, kuthyola, kusoka, koma kontilakiti ya fodya nthawi zambiri ili mdzina la bambo, tsiku lolandira ndalama amene amakwera njinga kupita ndi bambo, ndipo ena amabwerako patatha masiku atatu ndi wailesi yatsopano ndi fungo la mowa. Kufanana pa ntchito kwa mayi ameneyu ndi koti dzina lake lilembedwe, adziwe kuwerenga sikelo ndi risiti, akhale ndi M-Pesa kapena e-Mola yakeyake. Zimenezi zimafuna kuti mtsikana aliyense, osati osankhika okha, amalize makalasi 9 amene lamulo la maphunziro la 2018 linati ndi okakamiza. Sukulu ya atsikana yapamwamba imatenga ochepa okhoza kale nkuwakweza, zabwino kwa iwowo, koma mudzi wonse umatsala pomwepo, ndipo mkalasi imene achokamo mwatsala anyamata amene tsopano sadzaonanso mtsikana akuwaposa.

Azakhali nditawafotokozera zonsezi anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati "mwanawe, zonsezo nzoona, koma iwe ukukamba za dziko, ine ndikukamba za mwana mmodzi". Sindinawayankhe msanga chifukwa pamenepo anandigwira. Kholo silingadikire kuti sukulu za boma zikonzeke pomwe mwana akukula lero. Ndipo pali ana ena amene ndingavomereze ndi mtima wonse kuti apite kwa asisitere, mwana wofatsa kwambiri amene mkalasi yosakaniza sangatsegule pakamwa, kapena amene kwawo kuli munthu womuvutitsa, kapena amene sekondale yapafupi ili ndi mbiri yoipa ya aphunzitsi. Amenewo apite, ndipo akabwera pa holide tiziwalankhula Chipwitikizi ndi kuwatuma kumaofesi kuti azolowere kuyankhana ndi azibambo a pa kauntala.

Koma wathuyu ndi wapakamwa kale, amakangana ndi azichimwene ake za mpira mpaka iwo kugonja. Ndinawauza achimwene kuti ndalama yowolotsera ija tiigawe pawiri. Gawo lina tipeze malo abwino ogona pafupi ndi sekondale ya pa Ulónguè, kwa mayi wodalirika, ndi nyali ya sola ndi mabuku akeake. Gawo lina tilembe munthu wothandiza ntchito zapakhomo nyengo ya fodya kuti mwana asamajombe. Ndipo ana aamuna a pakhomopo, awiri onse, ayambe kutunga madzi ndi kutsuka mbale mosinthana ndi mlongo wawo, zimene alamu anga anaseka poyamba koma achimwene sanaseke.

Ndisanalipire matirikula, ndalama yolembetsera mwana sukulu, ndikufuna ndikaone ndekha sukuluyo, osati ofesi ya adilekitola yokha yomwe amaikolopa alendo akamabwera. Ndikafunsa kuti masamu ndi fizika a kalasi 7 mpaka 9 akuphunzitsa ndani ndipo mwa iwo akazi ndi angati, ndikaona zimbudzi za atsikana ngati zili ndi zitseko, ndikafunsa kuti mwana akafuna kudandaula za mphunzitsi amapita kwa ndani ndipo chaka chatha amene anadandaula zinamuthera bwanji. Ndikapemphanso mndandanda wa mashefe a matuluma onse ndione maina. Achimwene akuti ndikawachititsa manyazi, adilekitola ndi mnzawo wa kutchalitchi, nde tagwirizana kuti iwo akatsala panja ndi njinga.